Faya injini yakale yomwe tinailanditsa ku okushoni nkuitumiza kumudzi, ndi mmene zinayendera

Ndine makaniko pa galaja ya ozimitsa moto kuno ku England, chakumpoto, ndipo ndisanabwere kuno ndinkagona pansi pa malole kumudzi ngati makaniko wina aliyense. Nkhani ndikulembayi ndi ya galimoto imodzi yokha, kuyambira tsiku lomwe nambala yake inalowa pa mndandanda wa zotayidwa mpaka pano pomwe ili pa khonsolo ina kwathu ku Malawi. Sinditchula khonsoloyo, ofesi yathu kuno kaya anthu ake, poti zolakwika zambiri munkhaniyi ndi za ine ndemwe. Ndalembera anzanga amene muli m'magalaja a makhonsolo, komanso inu a magulu a aMalawi okhala kunja amene mumandiimbira foni usiku kuti achimwene tamva kuti kwanuko mafaya injini amangogawa ulere, tatipezerani imodzi.

Samangogawa ayi. Kuno galimoto yozimitsa moto imakhala kutsogolo zaka 12 mpaka 15, kenako imapita ku risevu kukagwirira zinzake zikakhala ku sevisi, ina imakathera ku bwalo lophunzitsira ana atsopano. Ikatopa kumeneko mpamene amakhala pansi kuti tiigulitse kapena tiipereke. Ndiye popeza inagulidwa ndi ndalama za misonkho, pali lamulo la Local Government Act la 1999 lomwe limawamanga kuti pa chilichonse aziona kuti anthu apindulapo bwanji, choncho bwana sangangodzuka nkuti iyi ndampatsa mnzanga, pamafunika pepala lofotokoza kuti kupereka kukuposa kugulitsa chifukwa chakuti chakuti, komiti nkuvomereza. Chomwe chimatithandiza opemphafe nchakuti mtengo wa ku okushoni umakhala wochepa zedi. Yatsopano imadutsa mapaundi 200,000, koma yakaleyo imapita pa mtengo wa kagalimoto kabwino ka banja, ogula ake ndi amalonda otumiza kunja, alimi, a mafilimu, ena amakaisandutsa yonyamula ana pa phwando la tsiku lobadwa. Isanatuluke pa geti timaivula wailesi, kompyuta ya mukabu, mabaji ndi dzina la siteshoni, ndipo ikakhala ya ku okushoni timachotsanso magetsi a buluu ndi sayirini, kuopa kuti wina angakaigwiritse ntchito yoipa anthu nkumayesa ndi ozimitsa moto enieni.

Opempha ndi ambiri, osati ife tokha. Kuli mabungwe omwe ntchito yawo ndi yomweyi, monga Operation Florian yomwe inayamba mu 1995, ndi FIRE AID yomwe inabwera mu 2014 kudzalumikiza mabungwe oterewa, ndipo chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 magalimoto ambiri opuma akhala akupita kumeneko pa mdipiti. Ndiye kalata yochoka ku Malawi itafika pa desiki ya bwana wanga mu 2023, kudzera ku kagulu kathu ka aMalawi a mdera lino, sinali yokha. Inali ya tsamba limodzi, chidindo chili gwa, koma zomwe inapempha ndi galimoto iliyonse yomwe mungakwanitse. Mawu akuti iliyonsewo ndi omwe anandidetsa nkhawa, chifukwa munthu amene wati iliyonse ndiye kuti sanafunse makaniko wake.

Chaka chimenecho zotuluka zinali zitatu. Ziwiri zinali za Euro 5, womwe ndi mulingo wa utsi wa injini zatsopanoko, zooneka bwino, penti ikadali phuliphuli, zomwa AdBlue, madzi a mankhwala oyeretsa utsi, ndipo kumbuyo ku pampu zonse zinali za mabatani ndi kasikirini. Yachitatu inali nkhalamba ya Euro 3, mulingo wakale, yomwe inatha zaka ku bwalo lophunzitsira, mipando yong'ambika, chitseko cha loka (kabati ya zida) imodzi chopindika, koma pampu yake yoyendetsa ndi dzanja, mageji a singano, ma valve otembenuza ndi mkono. Bwana anati komiti yalola imodzi kupereka, ziwiri zipita ku okushoni, ndipo poti kwanu ndi komweko sankha ndiwe.

Apa mpomwe tinakanganirana koyamba. A komiti ya kagulu kathu, anthu abwino omwe anali atayamba kale kusonkha ndalama za sitima, ankafuna imodzi mwa zatsopanozo, ndipo sindikuwanena, aliyense amafuna kukapereka chinthu chonyaditsa. Ine ndinapempha kuti andipatse sabata imodzi ndi nambala ya makaniko wa khonsoloyo, osati ya mabwana. Zinavuta kuipeza nambalayo, aliyense ankandipatsa ya wa mu ofesi. Nditaipeza ndinapeza kuti ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, ndipo nditawauza chomwe ndikufuna anangoti dikirani achimwene, nkuyatsa vidiyo pa WhatsApp nkuyamba kuyenda nane pa yadi pawo. Anandionetsa magalimoto awiri ofiira kuseri kwa galaja, ina ili pa miyala, udzu utamera mpaka mu bampa, nkhuku itaikira mu loka ya mapaipi. Zonse zinali mphatso. Ndinawafunsa kuti zinafa ndi chani. Ina akuti injini ndi yamoyo mpaka lero koma kabokosi koyendetsa pampu kanapsa ndipo palibe anadziwa kokagula, inayo inangoyamba kuyatsa nyali pa dashibodi nkumazima yokha, anthu a makompyuta a m'tauni anabwera nkulephera kulankhula nayo. Ndinawapempha andionetse zida zawo. Masipanala, jeke, mita yoyezera magetsi, kanyali koyesera mawaya, makina owotcherera. Basi.

Nditadula foniyo ndinali nditasankha kale. Sikuti Euro 3 ilibe kompyuta, ili nayo ya injini, koma ndi mtundu wa injini womwe uli m'malole ambiri akale ochoka ku UK omwe adzaza m'misewu ya kwathu, amakaniko anauzolowera, mafilita ndi ma injector amapezeka ngakhale kwa ophwasula. Zatsopanozo vuto silinali AdBlue yekha, ngakhale naye ndi mtolo, kathanki kake, kapampu kake, masensa, ndipo akakhalitsa pa dzuwa amaonongeka nkuuma ngati mchere m'mapaipi. Vuto lalikulu linali kumbuyo, komwe magetsi, PTO (cholumikiza injini ndi pampu), liwiro la pampu, zonse zimadutsa m'timabokosi tolankhulana tokha, kamodzi kakafa galimoto imayenda bwinobwino koma madzi osatuluka, ndiye faya injini yosatulutsa madzi ndi lole yofiira chabe. Pa msonkhano wa komiti mayi wina anandifunsa mosabisa kuti ndiye tisonkhe ndalama zathu kutumiza chiphapha? Ndinangowaonetsa vidiyo ija ya nkhuku mu loka. Sanakhutire onse, awiri anasiya kusonkha.

Kenako ndinaitengera pa dzenje kuiona ngati ndikugula ndine. Apa anzanga musamanamizidwe ndi mailosi. Magalimotowa amayenda pang'ono koma injini imalira maola ambiri itaima, ikupukusa pampu, ndiye onani mita ya maola ndi faelo ya sevisi, osati ya mtunda yokha. Pansi ndinapeza dzimbiri lomwe ndimayembekezera, poti kuno nthawi yozizira amathira mchere mumsewu, shasi inali yolimba koma mapaipi awiri a mpweya ndi zomangira thanki ya mpweya zinali zitadyeka, tinasintha. Matayala ankaoneka atsopano, mapanga ake akuya, koma pa nthiti pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, ndipo akutsogolo anali atayandikira zaka 10. Kuno chiyambire February 2021 tayala lopitirira zaka 10 nloletsedwa kutsogolo kwa lole, ndiye ine sindikanalola kuti likadutse mapiri a Chiweta, tinaika ena. Pampu tinaiyesa mpweya kaye, kutseka ponse nkuyendetsa primer, kachida kochotsa mpweya mu pampu kuti ikoke madzi, imayenera kukoka mpaka 0.8 bar pasanathe masekondi 45 ndipo ukaimitsa singano isabwerere msanga. Inakoka koma inkabwerera mofulumirirapo pang'ono, tinapeza ndi mawashala a paipi yokokera madzi, tinasintha, zinakhala bwino. Seal ya pa shafti ya pampu, yomwe imatseka kuti madzi asatuluke, sinkadontha, ndiye ndinaisiya. Ndinaganizapo zogula ina yapadera kuti ipite nayo, koma ndalama zinali zitathina ndipo ndinati tidzaona. Muikumbukire seal imeneyi.

Za katundu wa m'maloka tinakambirana nthawi yaitali. Makwerero, mapaipi, ma branch (timitu topopera madzi), zingwe, mafosholo, nkhwangwa, kapampu konyamula pamanja, zonsezi tinapereka. Koma zida zopumira mu utsi ndinakana, ngakhale anazipempha ndipo zinalipo. Masilinda ake amadzazidwa mpaka 300 bar ndi kompuresa yapadera ya mpweya wopuma munthu, amayenera kuyezedwa zaka zisanu zilizonse, ndipo bambo aja anandiuza kuti kompuresa yotero alibe. Munthu wovala chigoba kumaso amalimba mtima nkulowa mkati mwa nyumba yoyaka, ndiye ngati chidacho sichinasamalidwe mwamupha ndinu amene munampatsa. Thovu lozimitsira moto wa mafuta nalonso ndinakana, chifukwa lomwe linali mu sitolo linali lakale lija la mankhwala a PFAS lomwe kuno akuthana nalo poti silitha m'nthaka ndi m'madzi, ndiye kukalitaya kwathu pafupi ndi zitsime nkumati tathandiza, ayi.

Chinthu chimodzi chomwe ndinachita bwino ndi ma coupling, timitu tolumikizira mapaipi. Ndinawapempha bambo aja kuti ajambule kamutu ka paipi iliyonse ali nayo, tepi yoyezera ili pambali. Zinapezeka kuti galimoto yawo yomwe inkayenda inachoka ku Japan, ndipo ku Japan amagwiritsa ntchito mtundu wotchedwa Machino, pomwe kuno ndi instantaneous, a ku Germany ndi Storz. Wa ku Japan ndi wa kuno ukaona patali umati ndi amodzi, onse ndi ongokankha nkumva kuti khethe, koma salowana. Tangoganizani magalimoto awiri afika pa moto, ina ili ndi madzi ina ili ndi mapaipi aatali, nkumalephera kupatsana. Tinapangitsa ma adapter anayi, awiri uku awiri uku, ndipo ndinawapaka penti yachikasu kuti asasowe. Pa ndalama zonse tinaononga, zimenezi ndi zomwe zinagwira ntchito kuposa zina zonse.

Mapepala a kuno sanavute, kalata yosonyeza kuti ndi mphatso ndipo ikatuluka pa geti udindo si wa ofesi yathunso, kudziwitsa DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto, kuti galimoto yatuluka mdziko, ndi a sitima. Tinaikweza sitima ya magalimoto oyenda okha kupita ku Dar es Salaam. Katundu wa m'maloka tinamutumiza padera mu kontena ya munthu wina wa kagulu kathu, chifukwa pa sitima zoterezi makiyi amatsala mu galimoto ndipo imadutsa m'manja ambiri, zopepuka sizifika. Pomwe tinagwa mpa kalata yopempha kuti isalipire msonkho. Ife tinkayesa a khonsolo ayamba kale kuyendetsa, iwo ankadikira mapepala a sitima kuchoka kwa ife, ife tinawatumiza mochedwa, palibe amene anafunsa mnzake, paja safunsa anadya phula. Galimoto inafika pa doko kalata isanatuluke, masiku aulere anatha, ndipo ndalama yosungira pa doko imawerengedwa m'madola tsiku ndi tsiku. Ili pomwepo, mu November 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye ndalama yomwe khonsolo inapatula ya ejenti, mafuta ndi dalaivala inangosungunuka ili mu akaunti. Tinabwereranso kwa anthu omwe aja kukapempha, ena anatitukwana, ena anapereka.

Kuchoka pa doko kufika pa Songwe ndi makilomita oposa 900, ndipo ndinaumirira kuti iyende thanki ilibe madzi, komanso kuti bambo aja akhale mukabu ulendo wonse, osati dalaivala wa ejenti yekha. Mabwana ena a khonsolo ankafuna kupita okha chifukwa cha ma alawansi, ndinachita kuopseza kuti ma adapter ndi makwerero sindipereka. Zinathandiza, chifukwa pofika kwawo anali ataidziwa kalira kake, atadziwa kuti giya ndi yosintha yokha ndipo potsika phiri uyenera kuigwira pa giya yotsika osati kudalira mabuleki. Chomwe chinaonongeka panjira ndi sitepe ya loka yakumbuyo, inagunda pa hampu nkupindika. Magalimoto a kuno amapangidwa otsika, maloka ali pafupi ndi pansi, poti misewu yake ndi yosalala. Bambo aja anaidula nkuikweza, ndipo anachita bwino, m'makwalala a m'makomboni ikanatsala pa mwala woyamba.

Ndinatenga tchuthi cha masabata awiri kupita kukaphunzitsa. Pa masiku onsewo ophunzitsa enieni anakhala atatu. Ena anathera kudikira mwambo wolandirira, kudikira mafuta, kudikira nambala, maliro a mdera, kenako tsiku la mwambolo, matenti, zolankhula, kupopera madzi m'mwamba anthu nkuombera m'manja. M'masiku atatuwo ndinaphunzitsa shifiti yomwe inalipo kulowetsa PTO, kupereka madzi kuchoka mu thanki, kulandira kuchoka pa haidiranti (mpopi wa ozimitsa moto wa pamsewu), ndi kukoka pa dziwe kamodzi kokha, padziwe loyera la simenti. Shifiti inayo sindinakumane nayo. Ndinasiya buku la pampu la Chingerezi lokhuthala ngati njerwa, nkukwera ndege ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Sipanathe mwezi foni inalira, galimoto yakana kulira, kwayaka nyumba, apita ndi ya ku Japan ija. Mabatire anali atatheratu. Apa mpomwe ndinadzimenya pamutu, chifukwa kuno faya injini ikaima mu siteshoni imakhala yolumikizidwa ku khoma ndi chingwe cha magetsi usana ndi usiku, ndipo chimenechi tinachizolowera mpaka sitichionanso. Mkati muli zinthu zambiri zomwa moto mwakachetechete, zotchajira matochi, zotchajira mawailesi, mawaya otsala a kompyuta tinachotsa ija, magetsi a m'maloka omwe amayaka chitseko chikapanda kutsekeka bwino, ngati chopindika chija. Kumudzi inkagona panja, popanda soketi, ndipo ngakhale soketi ikanakhalapo magetsi ake ndi omwe mukuwadziwa aja. Anyamata anayesa kuikankha, anthu khumi ndi kaya angati, osadziwa kuti ya giya yosintha yokha silira ndi kukankha, komanso mpweya ukatha m'mathanki mabuleki amamanga okha. Tinakonza pa vidiyo ine ndi bambo aja madzulo awiri, kuzula fyuzi imodziimodzi mita ili pa batire mpaka tinapeza zonse zakuba moto nkuzidula, kuika switch yaikulu yodula mabatire, ndi lamulo loti m'mawa uliwonse posinthana shifiti ilire mpaka mpweya udzaze. Mabatire awiri atsopano anagula ndi a kagulu kathu. Vuto limeneli silinabwerenso, koma likanapeweka ndi ntchito ya ola limodzi ndikanaichita kuno.

Vuto lalikulu linadza m'chilimwe, pa moto wa pa msika wina, usiku, mashopu a matabwa ndi malata, mkati muli zovala za kaunjika ndi mapulasitiki. Ndifotokoze kaye za madzi, poti ambiri amaona kukula kwa galimoto nkumayesa yonseyo ndi thanki. Ya kuno imanyamula malita 1,800 basi, chifukwa inapangidwira dziko lomwe haidiranti ili pa ngodya iliyonse ndipo madzi a mu thanki ndi ongoyambira pomwe wina akulumikiza ku msewu. Paipi yaikulu imodzi yotulutsa malita 450 pa mphindi imamaliza thankiyo m'mphindi zinayi. Timapaipi tiwiri tating'ono tokulunga pa gudumu, ta mphamvu kwambiri, timamwa pang'ono, kamodzi kangakufikitse kotala la ola. Usiku umenewo thanki inatha moto usanagonje, haidiranti yapafupi inali youma, ndiye woyendetsa pampu, mnyamata wa shifiti yomwe sindinaphunzitse ija, anachita chomwe aliyense woganiza akanachita, anatsikira ku kamtsinje kuseri kwa msika nkuponya paipi yokokera.

Mtsinje wa m'chilimwe ndi matope ndi mchenga, madzi ofika m'mawondo. Kunsonga kwa paipi yokokera kumakhala sefa yachitsulo, ndipo pamwamba pake pamavekedwa dengu, ndipo zonsezo ziyenera kulendewera m'madzi ndi chingwe, zisagone pansi. Dengulo linatsala mu sitolo chifukwa palibe anadziwa kuti ndi la chani, wina ankayesa nlotayamo zinyalala. Sefa inagona pa mchenga. Komanso gombe linali lalitali, ndipo kwathu kumtunda uko, mamita 1,000 ndi kuposa pamwamba pa nyanja yamchere, pampu imataya pafupifupi mita yathunthu pa kukoka kwake poyerekeza ndi ku England, ndiye inkavutika kugwira madzi, mnyamata nkumaonjezera moto injini, pampu ikuzungulira youma, ikagwira ikumeza mchenga. Anakwanitsabe kupereka madzi, ndipo pogwiritsa ntchito ma adapter achikasu aja anadyetsa ya ku Japan yomwe inalowa mkati mwa msika momwe yathuyi sikanakwana. Mzere umodzi wa mashopu unapsa, ina inapulumuka, palibe anafa. Pobwerera ku siteshoni pansi pa pampu pankatsika madzi ngati mpopi.

M'mawa bambo aja anandiimbira ali kale ndi sipanala m'manja. Pampu za mtundu umenewu zili ndi zigawo ziwiri, chachikulu cha mapaipi aakulu, ndi chaching'ono cha mphamvu kwambiri chomwe mipata yake ndi yothina zedi, ndipo pakati pake pali kasefa komwe kamayenera kutsukidwa nthawi iliyonse mwakoka madzi akuda. Atakatulutsa anakaonetsa ku kamera, kanali kodzaza ndi mchenga, timiyala, ndi kachidutswa ka jumbo ya buluu, anakagogoda pa benchi mulu wa mchenga nkutsala pamenepo. Seal ija inali itapita. Nkhope zake ziwiri zimakhudzana ndipo zimaziziritsidwa ndi madzi omwewo, ndiye zikazungulira zouma zimatentha nkusweka, mchenga nkumalizitsa. Pa msonkhano wa m'mawawo mabwana ankafuna kumulembera kalata mnyamata uja kuti waononga katundu. Ndinapempha kulankhula ndi bwana wa siteshoni ndipo ndinawauza kuti bwana, ngati pali wolakwa ndi ine, mwanayo sindinamuphunzitse, dengu sindinafotokoze, ndipo akanapanda kutsikira kumtsinjeko bwenzi msika wonse uli phulusa. Anamusiya.

Galimoto inakhala pansi miyezi inayi chifukwa cha chinthu cholowa m'thumba la jekete. Kuno seal yake ndikanaipeza m'masiku atatu, koma khonsolo kuti igule kunja pafunika makotesheni atatu, kuvomereza kwa komiti yogula zinthu, ndiye ndalama zakunja zomwe m'mabanki munalibe. A kagulu kathu anali atatopa nafe, ndipo ndikuwamvetsa, munthu unamuuza kuti tikusonkha za sitima basi, lero ukubweranso kachinayi. Mayi uja wa chiphapha sanandinyoze, anangoti walira mvula walira matope, nkuponya yake. Mapeto ake ndinagula ndi khadi langa seal ziwiri, mawashala, kasefa kena, ndi zokonzera primer, nkupatsira munthu wopita ku maliro kumudzi. Bambo aja anamanga okha ine ndikuyang'ana pa foni, ndipo apa mpomwe kusankha nkhalamba kunalipira, chifukwa zonse zinali za sipanala, panalibe choti tiitanire munthu wa laputopu. Chigawo cha mphamvu kwambiri chinadyekako, sichifikanso pomwe chinkafika, koma chikugwira.

Titatero tinasintha kagwiridwe. Buku lija ndinalisiya, mmalo mwake ine ndi bambo aja tinalemba tsamba limodzi m'Chichewa, lokutidwa ndi pulasitiki, lomatidwa mkati mwa chitseko cha pampu, dengu livalidwe, sefa isagone pansi, madzi akapanda kubwera msanga imitsa uone chavuta osati kuonjezera moto, ukachoka ku mtsinje tsuka pampu ndi madzi oyera ndipo tsegula kasefa. Anawotcherera kachitsulo ngati mbale yaikulu koti sefa izikhalapo pa madzi osaya. Chachikulu, bwana wa siteshoni anagwirizana ndi a zomangamanga kuti bawuza ya khonsolo yothirira misewu izigona yodzaza pafupi ndi siteshoni ndipo izinyamuka limodzi ndi faya injini, tinaipangira adapter yake. Kunena zoona, ndikanafunsa bwino pachiyambi kuti madzi mumawatenga kuti, mwina ndikanawauza a komiti kuti ndalama zathu zigule bawuza yabwino ndi mapampu awiri onyamula pamanja, osati faya injini. Funso limenelo ndinafunsa la ma coupling, la madzi enieniwo ndinalilumpha.

Ziwiri zinapita ku okushoni zija zinagulidwa tsiku limodzi ndi wamalonda wotumiza kunja, sindikudziwa zili dziko liti. Ndinayesa kupempha kuti kachigawo ka ndalama zake kagule zida zosinthira za yomwe tinaperekayi, anandiyankha mwaulemu kuti ndalama ya okushoni imabwerera ku thumba logulira magalimoto atsopano ndipo singatuluke kupita kunja, zomwe ndi zoona ndipo sindinalimbane nazo. Chomwe ndinaphunzira mochedwa nchakuti zida za mtundu wa galimoto yomwe ikutha pa gulu la magalimoto athu nazonso zimakhala zotayidwa, zili pa shelefu mu sitolo yathu momwemo, ndipo zikanalembedwa pa pepala la mphatso lomwe lija zikanapita ulere. Nditabwerera kukafunsa anali atazigulitsa kale pamodzi ngati mulu.

Pano kalata ikafika bwana amangoiponya pa benchi yanga. Yomwe ndili nayo sabata ino yachoka ku khonsolo ina, nayonso akuti iliyonse. Ndawabwezera mafunso, nambala ya makaniko, zithunzi za ma coupling, komwe amatunga madzi ndi kutalika kwa gombe lake, komwe galimoto izigona, dzina la udindo wa amene asainire kuti mafuta, matayala ndi mabatire zili mu bajeti, ndi kalata ya msonkho isanakwere sitima. Sanayankhebe. Nkhalamba ija ikuyenda, mwezi watha inazimitsa lole ya fetereza yomwe inayaka mabuleki pamsewu waukulu. Bambo aja apuma ntchito chaka chamawa, ndipo amene akumuphunzitsa kumasula pampu ndi mnyamata wa kumtsinje uja. Seal yachiwiri ili mu kabati yawo, yokulungidwa mu nsanza ya mafuta, kiyi amasunga okha.